Tsitsi losadzola

Ndinakwatiwa ku Nabvutika ndili wamng'ono, sukulu nditalekezera giredi faifi. Amuna anga anali mwana wa aphunzitsi, ndipo tinkakhala pakhomo pa makolo awo. Chaka chimene mwana wathu anayamba kukwawa, iwo ankabwereza mayeso a giredi thwelofu poti fizikisi inawagwetsa.

Funso limodzi linkawasowetsa mtendere. Kanthu kopepuka kali m'malere, magetsi akukakokera kumwamba, dziko likukakokera pansi. Magetsiwo achuluke bwanji kuti kangoima, osakwera osatsika? Ankalemba manambala kuseri kwa nyumba mpaka kutaya pensulo. Tsiku lina anandiitana.

"Amake mwana, tabweretsani mutuwo kuno. Wangawu ndi mpala."

Anakhula lula yapulasitiki yolembera mizere m'tsitsi langa n'kuiyandikitsa pa kathonje. Kathonjeko kanadzuka, kananjenjemera, kenako kanadumphira pa lula. Ndinaseka mpaka kubisa nkhope m'chitenje.

"Ndikufuna kaime pakati," anatero. "Koma mafuta akuononga. Musadzolenso."

Ndinaleka kudzola. Dzuwa la Okutobala linaumitsa tsitsi langa, linachita mbuu, lina n'kumathothoka. Apongozi akapita kumsika ndinkagwada pamphasa, mwana ali kubere, amuna anga akukhula n'kumalemba. Kathonje sikanaimepo bwinobwino, koma manambala anayamba kuwayendera. Chikwatiwire ndinali ndisanakhalepo nawo pafupi choncho masana.

Apongozi aakazi anauona mutu wanga.

"Kodi mayi, kwanu kwagwa maliro? Kapena mukutiitanira ife?"

Ndinangoyang'ana pansi. Ndikanati chiyani, kuti mwana wawo amaseweretsa mutu wanga?

Mayeso amuna anga anakhoza, napeza malo ku koleji ya uphunzitsi ku Kitwe. Abale atasonkhana kuti akambe za ulendo, apongozi aakazi aja anayankhula ine ndili pomwepo.

"Mphunzitsi angayende ndi mkazi wosatha n'kudzisamala komwe? Tonse tinauona mutu wake. Ayambe wabwerera kwawo."

Amuna anga anali pampando pafupi ndi khomo. Ndinadikira kuti anene mawu amodzi okha, akuti ndinamuletsa kudzola ndine. Anakanda bondo n'kumayang'ana nkhuku pabwalo.

Ndinakwera lole ya thonje yopita kwathu ku Chipangali, mwana kumbuyo, zovala m'thumba la feteleza. Amuna anga sanabwere kudzanditenga. Amayi atandifunsa chimene ndinalakwa, ndinangowapatsa mwana n'kupita kukatunga madzi.