Achoko ndi Nyali ya Pamakina a Amayi

Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi ochepa. Tonse timangoti Achoko, chifukwa m'thumba la malaya awo simusowa choko, ndipo akakupatsa moni umatsala ndi dzanja loyera. Ndi amisiri a zamagetsi, aafupi, a imvi za m'mbali, ofulumira kuseka koma ochedwa kuyamba ntchito. Kuchedwako kunatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito kunyumba yathu yatsopano.

Nyumbayo tinamanga ine ndi achimwene anga kuti amayi achoke m'kanyumba ka lendi komwe akhala akusokeramo zovala zaka makumi atatu. Amayiwo ankakana kusamuka. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, ndipo m'kanyumbako munali zenera limodzi lomwe linkawaonetsabe bowo la singano m'mawa. Dzuwa likapendeka, ulusi ndinkawalowetsera ndine.

"Mukandichotsa pazenerali ndiye kuti kusoka ndasiya," ankatero.

Ine mawu amenewo ankandiopsa kwambiri, chifukwa amayi akakhala masiku awiri osapalasa makina amadwala.

Achimwene, amene chilichonse chatsopano chimawagwira ngati chimfine, anali atasankha kale: nyali zolowa m'siling'i, zija zosalendewera, zoyatsa ndi foni. Anajambula ndi pepala lomwe, mabowo anayi chipinda chilichonse, mizere yowongoka bwino, nyali zonse zolumikiza ku wayifayi.

Achoko analiyang'ana pepalalo, kenako n'kulipinda. "Zokongola, bambo. Nanga amayi azikhala pati?"

"M'chipinda chosokeramo, pena paliponse," anayankha achimwene.

"Pena paliponse sindingaboolepo. Tiwatenge abwere, ndi makina awo omwe."

Achimwene anatuluka akung'ung'udza kuti amisiri ali mbwee m'tauni muno. Inenso, kunena zoona, ndinapsa mtima. Tinali titachedwa kale ndi mwezi wathunthu, ndiye wina azitiuza zonyamula makina achitsulo kupita nawo m'nyumba yopanda ndi mpando womwe?

Achoko sanakangane nafe. Anakhala pa makwerero awo n'kundisimbira za nyumba ina imene anaigwira atangoyamba ntchito. Inali ya aphunzitsi. Anaboola mabowo mwa mzere ndithu, aliyense wobwera n'kumayamikira. Koma aphunzitsiwo akakhala patebulo kuti achonge makope, nyali inkakhala kumbuyo kwawo, mutu n'kumaphimba tsamba. Anathera kugula nyali yapatebulo m'nyumba yodzaza nyali.

"Babu lolendewera ukhoza kulisuntha, chemwali," anatero. "Bowo silisuntha. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaona pamene munthu amakhala, ndilembe pansi, kenako ndiyang'ane kumwamba."

Loweruka m'mawa tinawatenga amayi, nkhope ili ndwii, makina ali kumbuyo kwa galimoto. Achoko anawasiya asankhe okha pokhala. Kenako anatseka mazenera ndi makatoni, n'kumangirira nyali imodzi kunsonga ya ndodo yaitali. Anayamba aimika pamene achimwene anajambula.

"Mukuona chiyani, mayi?"

"Ndikuona mutu wanga," anatero amayi. Chithunzithunzi chawo chinali chitakuta singano yonse.

Achimwene anatsokomola n'kuyamba kuyang'ana foni. Achoko anasuntha ndodo pang'onopang'ono, kutsogolo, chakumanzere, akufunsa nthawi zonse, mpaka amayi anati aime. Achoko anawerama n'kuzunguliza choko pansi. Anachita zomwezo kukhitchini, pagalasi la kubafa ndi pamutu pa bedi. Pofika masana, pansi ponse panali poyera ndi mizere yozungulira, ndipo palibe ngakhale umodzi umene unagwirizana ndi pepala lija.

Nkhani ya wayifayi nayo anaitembenuza. Anati nyali za mtundu umenewo iliyonse imalankhula yokha ndi rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, ndiye nyali makumi awiri, makoma a njerwa, chipinda cha amayi chili kumapeto, zina zizingokhala duu osamva. Zina intaneti ikadula sizimveranso foni. Za bulutufu zimafuna uziyandikire. Iwo ankakonda za zigibi, zimene zimakhala ndi kabokosi kamodzi, nyali n'kumapatsirana uthenga ngati anthu opatsirana njerwa pamzere.

"Ndiye tigulenso kabokosi kena?" anafunsa achimwene.

"Kamodzi kokha. Ndipo intaneti ikadula, m'nyumba muno zizimvanabe."

"Foni yanga ine ndi ya mabatani," anadula amayi. "Zanu zopukuta ndi chalazo ayi."

Achoko anaseka n'kutulutsa kaswichi kopanda waya, kochepa ngati bokosi la machesi. "Aka tikamata patebulo la makina. Apa kuyatsa, apa kuwonjezera kuwala. Foni isungireni moni wa adzukulu."

Ndinamva pambuyo pake kuti zonsezi anaziphunzira atayandikira zaka makumi asanu ndi limodzi, magalasi ali kunsonga ya mphuno, amisiri achinyamata akuwaseka. Anayamba ayesera kunyumba kwawo, moti akazi awo anakhala mlungu wathunthu akudandaula kuti nyali ya kukhitchini imayaka munthu akafuna ya pakhonde.

Ntchito inatha tsiku lina masana, kunja kukugwa mvula, kumwamba kutada bii. Nthawi ngati imeneyo m'kanyumba kaja amayi amakhala atavundikira kale makina. Anakhala pampando, n'kudina kabatani kamodzi, kawiri. Kuwala koyera kunagwera ndendende pa singano. Atatenga ulusi, ine ndinatambasula dzanja monga mwa chizolowezi.

Analikankha dzanjalo osandiyang'ana n'komwe. Ananyambita nsonga ya ulusi, n'kuyesa, n'kuphonya. Anayesanso, ulusi n'kutulukira mbali inayo. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo achimwene anapita kukayang'ana mvula pazenera.

Amayi anakoka ulusiwo n'kucheukira Achoko, amene ankapinda makwerero.

"Inu, vulani malayawo mundipatse. Thumba lang'ambika ndi machoko anuwo, simukuona?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, mawa m'mawa ukatenge katundu wanga. Usaiwale chitini cha mabatani chili pazenera."