Kwa a Onodera Kwabwera Mwana

A Teruo Onodera anali wometa tsitsi, mwana wa wometa tsitsi. Shopu yawo inali chipinda cha kumaso kwa nyumba imene anabadwiramo, m'katauni ka m'mapiri a Yamagata ku Japan, ndipo anafika zaka makumi asanu ndi ziwiri asanagonepo masiku atatu otsatizana m'nyumba ya eni. Dzanja lawo linali labwino, zimenezo aliyense ankavomereza. Vuto linali pakamwa. Munthu akangokhala pampando, nsalu n'kumumanga m'khosi, ankadziwiratu kuti lero amva za chitseko cha shopu cholira ngati mwana wa mphaka, za madzi a pampopi onunkha chitsulo, za bafa lopanikiza limene bambo awo anamanga ngati akumangira mwana wa sukulu, ndi za nyimbo imene chimkuzamawu cha tauni chimaliza faifi koloko madzulo aliwonse.

"Iwe Teruo," ankatero a Shigeji, mlimi wa maapozi amene anayamba nawo sukulu tsiku limodzi, "ngakhale utakafika kumwamba, ukadandaula kuti mitambo ndi yonyowa."

"Khala phee, ndingakudule khutu."

Akazi awo, a Nenita, anali a ku Philippines, pa chilumba cha Negros. Anabwera ali mtsikana kudzasoka mathalauzi ku fakitale ya kumapeto kwa tauni, ndipo tsiku lina analowa m'shopu ndi sizasi yobuntha, kufunsa ngati angawanolere. Anawanolera. Sabata yotsatira anabwera ndi ina. Pofika pa sizasi yachisanu, imene inali yakuthwa kale, a Onodera anazindikira kuti nkhani apa si ya sizasi. Anakhala m'banja zaka khumi ndi zinayi opanda mphatso ya mwana. Poyamba ankayenda m'zipatala, kenako nkhaniyo anangosiya kuitchula. A Nenita ankapita kwawo kamodzi pa zaka ziwiri, okha, chifukwa amuna awo ankati tsitsi la anthu silidikira.

Ndiye kunabwera uthenga woti Perla, mng'ono wa a Nenita, wamwalira, wasiya kamtsikana ka zaka ziwiri ndi theka, dzina lake Mirasol. Bambo wa mwanayo anali atasowa kalekale. Atabwerako ku maliro, a Nenita anakhala masiku angapo osayankhula bwinobwino, mpaka m'mawa wina a Onodera, akupukuta galasi la m'shopu, anangoti, "Kachipinda kam'mwamba kaja kamangosunga makatoni." A Nenita anamva.

Makalata oti mwanayo akhale wawo anayenda chaka ndi theka. Pomaliza anauzidwa kuti apite ku Philippines onse awiri, akaonekere okha pamaso pa akuluakulu, akamutenge mwanayo. A Onodera analemba pepala n'kumata pachitseko: Titsegula pakatha masiku khumi.

Kunatha milungu isanu ndi masiku atatu.

Anthu kumeneko anawalandira ndi manja awiri, zimenezo sanakanepo. Ankawadyetsa kasanu pa tsiku, akakana n'kuwaonjezera. Koma kutentha kwake! Malaya ankamatirira pamsana munthu atangovala kumene. Kusamba kunali kwa ndowa ndi kachikho, madzi ozizira, uli chiimire pa simenti. Akumwa anali a m'botolo basi, komabe m'mimba munawapotokola sabata yathunthu. Khomo lililonse linali ndi atambala, ndipo atambala akumeneko sankadziwa wotchi. Ku Manila anakhala pa mabenchi a m'maofesi mpaka miyendo kuchita dzanzi: pepala ili likusowa chidindo, ilo dzina laphonyeka chilembo chimodzi, bwerani Lachinayi. Masiku odikira, posowa chochita, anameta amuna onse a m'mudzimo pakhonde la alamu awo. Mirasol yekha ndiye sankawayandikira. Ankawasuzumira kuseri kwa chitseko, akamuyang'ana n'kuthawa.

Pobwerera anatsika sitima masana, mwezi wa Novembala, mphepo ya m'mapiri ikuluma makutu. A Onodera anaima n'kukoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Atafika kunyumba anakokera pambali chitseko cha shopu, ndipo chinalira.

"Nenita, tamva!"

"Chiyani?"

Anachitseka, n'kuchitsegulanso. "Chitsekochi."

"Ndanyamula mwana ine, tapatukani ndidutse."

A Onodera analunjika kukhitchini asanavule jekete, natsegula mpopi, namwa makapu atatu otsatizana. Madzi ake omwe aja onunkha chitsulo. "Ungotsegula, n'kumwa," anatero akuyang'ana kapu. "Osawiritsa, osaopa kanthu." Mapazi analowa okha m'masilipasi awo akale, ophwatalala kuchidendene, amene a Nenita anayesapo kuwataya kawiri. Kuchimbudzi, kumene mpando wake umafunda ndi magetsi, anakhalitsa mpaka akazi awo anagogoda.

"Bambo, mwayambanso m'mimba?"

"Ayi. Ndangokhala."

Dzuwa likupendeka analowa m'bafa lopanikiza lija, madzi otentha mpaka m'khosi, mawondo ali pachibwano, nthunzi ili tolo. Chimkuzamawu cha tauni chinayamba nyimbo yake, ndipo a Nenita, ali kukhitchini, anamva amuna awo akuyimbira limodzi, mawu akusemphana ndi nyimbo. Chakudya chinali mpunga watsopano umene oyandikana nawo anasiya pakhomo, msuzi wa soya wotchedwa miso, ndi nsomba yamchere yowotcha. Anatafuna pang'onopang'ono, maso ali otseka.

M'mawa mwake anadzuka seveni koloko, popanda chowadzutsa. Pofika eyiti pa benchi la m'shopu panali madoda anayi, onse tsitsi litaphimba makutu. A Shigeji ndiwo anali patsogolo.

"Taonani mzukwa! Masiku khumi akowo ndi a kalendala ya dziko liti? Ife timati wapezako mkazi wachiwiri."

"Bwanji osapita kwa ometa a ku siteshoni?"

"Kwa tiana tija tometa munthu ngati nkhosa? Bola ndikhale chonchi. Mkazi wanga amati Lamlungu andimanga maliboni."

A Onodera anaponda chopondera, mpando n'kukwera mwakachetechete. Anausisita pamsana. "Mpando uwu, Shigeji, bambo anga anagula chinthu." Anatulutsa thaulo lotentha m'kabokosi ka nthunzi, nayamba alinunkhiza kaye asanaliyale pankhope ya mnzawo.

"Anthu inu," anatero a Shigeji, mawu akutuluka pansi pa thaulo, "uyu si Teruo. Amusinthanitsa pabwalo la ndege. Chitseko chako chija wachimva?"

"Chili bwinobwino."

"Itanani dokotala."

Masiku atatu a Onodera anayenda m'nyumba mwawo akuyamikira chilichonse: pilo wawo, kapu yawo ya tiyi yosweka pamlomo, nyuzipepala yoti akhoza kuwerenga mawu onse. Mirasol sankaoneka kwenikweni. Anadzipezera malo pansi pa kotatsu, tebulo lalifupi lofunda lija lokutidwa ndi bulangete, ndipo ankangotulutsa mutu ngati kamba. Msuzi wa miso anaununkhiza n'kuukankhira kutali. M'mawa ankaima pawindo nthawi yaitali, khutu lili tcheru. A Onodera ankaona zonsezi, koma ankati ndi kutopa kwa ulendo.

Tsiku lachitatu a Nenita anayesa kumulowetsa m'bafa. Mwana anakuwa mpaka galu wa oyandikana nawo anayankha. A Onodera anasiya kasitomala pampando n'kuthamangira komweko, lumo lili m'manja.

"Watani? Wapsa?"

"Sanapse ayi. Akuti tikufuna kumuphika."

A Onodera anaseka. "Bafa labwino ngati ili? Umuuze kuti..."

"Bambo," anawadula a Nenita, akumukulunga mwana m'thaulo, "inu mwafika kwanu. Uyu ulendo wake wangoyamba kumene. Ine m'tauni muno ndinalira miyezi isanu ndi umodzi, inu musanandidziwe."

A Onodera anabwerera m'shopu, namaliza kumeta munthu uja. Iwo kuja ankachonga masiku pa kalendala, tikiti yobwererera ili m'thumba, komabe ankaona ngati afa. Kamwanaka kanalibe tikiti, kanalibe kalendala, ndipo munthu mmodzi yekha m'chigawo chonsecho ndiye ankamva zoyankhula zake.

Tsiku lotsatira anatseka shopu masana kwa ola limodzi. Anabwera ndi ndowa ya pulasitiki ndi kachikho ka chogwirira chachitali, naika mbaula ya palafini pakhomo la bafa kuti mufunde. Madzulo amenewo Mirasol anasamba chiimire, akudzithira yekha, ndipo phokoso la madzi ndi kulongolola kwake zinamveka mpaka m'shopu. Pa chakudya a Onodera anati, "Tamufunsa, amamvetsera chiyani pawindo paja?"

A Nenita anamufunsa m'chiyankhulo cha kwawo. Mwana anayankha motsitsa, akuyang'ana m'mbale.

"Akuti kuno kulibe tambala, ndiye sakudziwa ngati kwacha."

A Onodera ananyamuka n'kupita pa foni kukaimbira a Shigeji.

"Tambala?" anakuwa a Shigeji. "Iwe dzana lomweli umati ukadzaonanso tambala udzamupotokola khosi ndi manja akowo."

"Ndati bweretsa. Zambirizi n'zachiyani?"

"Wophika kapena wamoyo?"

"Wolira."

A Shigeji anabwera naye m'mawa m'bokosi la maapozi, tambala wofiira wokalamba, wa diso limodzi loipa, amene nkhuku za kumunda zinali zitayamba kale kumudelera. Anamumasula kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kashedi ka nkhuni. Mirasol anatuluka pansi pa tebulo lake popanda womuitana. Ananjuta patsogolo pa tambalayo n'kuyamba kumufotokozera nkhani yaitali, manja akugwira ntchito, ngati munthu wakumana ndi wa kwawo pa depoti. Atatha anatembenuka, nagwira thalauzi la a Onodera, nawakokera pafupi kuti aone. Kanali koyamba kuwakhudza. Wometa uja ananjuta nawo, mawondo akulira, ndipo a Shigeji, amene anali atakonza kale chipongwe china, anachimeza n'kuyang'ana kumapiri.

Tambalayo ankayamba ntchito hafu pasiti folo. Sabata yomweyo a Nenita anazungulira makomo asanu ndi mbale za nthochi zokazinga, kupepesa. Mayi wina wa pakona anati iye tambala anamumva komaliza ali mtsikana, asamuchotse. Bambo wa kuseri anangobweza mbale yopanda kanthu ndi yotsukatsuka. Miyezi iwiri isanathe, a Onodera anali atayambiranso kudandaula, poyamba za tambala, kenako za chitseko, ndipo a Shigeji analengeza pa benchi kuti wodwala uja wachira.

Lero Mirasol ndi namwino mumzinda wa Sendai. A Onodera akumetabe, koma m'mawa wokha, chifukwa masana dzanja limayamba kunjenjemera. Za ndege, za ndowa, ngakhale za tambala, Mirasol amangomva kwa anthu. Chimene amakumbukira yekha ndi tsiku limene chipale chofewa chinagwa koyamba iye ali kuno, kumayambiriro kwa Disembala.

Kunacha kuli mbuu, msewu ndi madenga zonse zoyera. A Onodera anali atangopaka thovu pankhope ya a Shigeji, lumo atanola, pamene chitseko chinatseguka. Analowa Mirasol, nsapato zajombo zikumukulira, masaya ali psuu, atanyamula mbale ya mpunga yodzaza chipale mpaka kusongoka. Anaima pafupi ndi mpando, nakweza mbaleyo ndi manja awiri, nayankhula m'Chijapani, mawu awiri okha amene anali atasunga.

"Ababa, mkaka."

Lumo linaima m'malere. A Onodera anayang'ana mwana, nayang'ana akazi awo amene anali atatulukira pakhomo la m'kati akupukuta manja.

"Wati chiyani?"

"Mwamva bwinobwino," anatero a Nenita. "Kwathu ayezi wopala timathira mkaka wotsekemera, ndi chakudya cha tsiku lachisangalalo. Wandiuza kuti anthu a kuno alibe nzeru, ayezi wadzaza msewu wonse iwo akungomuponda."

A Onodera anaika lumo pa shelefu. Analowa kukhitchini, naboola chitini cha mkaka wotsekemera, nabwera nacho pamodzi ndi sipuni. Anakhala awiri pa sitepe ya pakhomo, mphepo ikulowa m'shopu, akudya mosinthana, mwana akuyang'anitsitsa kuti bambo asatape kwambiri.

"Iwe Teruo!" anaitana a Shigeji ali chagada pampando. "Thovuli likuumatu!"

"Liume."

"Ndazizidwa, tseka chitseko!"

Awiriwo anapitiriza kudya. Patapita kanthawi a Shigeji anatsika okha pampando, nsalu ili m'khosi, nkhope yonse ili yoyera, nabwera kudzaima kumbuyo kwawo. Anasuzumira m'mbale.

"Mayi," anatero kwa a Nenita, "m'nyumba muno sipuni ilipo imodzi yokha?"