Maringi a ku Chirimba

Munthu aliyense wokhala ku Chirimba, ngakhale asawadziwe nkhope a Blackson Namaona, ntchito yawo anaikhudzapo ndi dzanja. Mageti ambiri a kumeneko, zitsulo za m'mawindo, mbaula za amayi okazinga mandasi, zinatuluka m'kashedi kawo ka malata kuseri kwa ogulitsa matabwa. Ndi bambo wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, maso ofiira ndi moto wowotcherera. Makolo awo anachokera ku Mozambique nkukhazikika ku Phalombe. Iwo sukulu anasiyira Sitandade 4, nabwera m'tauni kudzanyamula zitsulo za eni ake mpaka anaphunzira kuzilumikiza okha. Salankhulalankhula. Kasitomala akafuna geti la paipi yopyapyala kuti litchipe, amamuuza kuti lidzapindika mvula isanathe, ndipo akakakamira amamulozera kwa owotcherera ena.

Za mpira analibe nazo ntchito. Chinawakokera ku mpira wa basiketi ndi mwana wawo womaliza, Olivia, amene anatalika kuposa aliyense pa mtundu wawo. Olivia amasewera mu timu ya atsikana yotchedwa Mavu. Chaka chino a Abbas, eni sitolo ya zipangizo zomangira, anaitenga timuyo: anagula yunifomu yachikasu ndi yakuda, anayamba kulipira osewera pa mwezi, ndipo anathira simenti pa bwalo kuseri kwa tchalitchi. Ntchito ya mizati ndi maringi oponyeramo mpira anaipereka kwa a Blackson. Popeza bwalo lalikulu la m'tauni linali likukonzedwa, masewero oyambirira a ligi anawabweretsa ku Chirimba.

Mavu anapambana oyamba, achiwiri, achitatu. Pofika achisanu ndi chimodzi anali asanagonjepo, ndipo Chirimba yonse inali itachita ngati yamwa. Makondakitala ankakuwa dzina la timu m'malo mwa dzina la siteji. Amayi amene sankadziwa kuti mpirawo amawerenga bwanji ankabwera ndi zitenje zachikasu. Fadili, wokazinga tchipisi pa siteji amenenso ndi mkulu wa masapota, anapenta chiwaya chake mizeremizere, ndipo aliyense wogula ankamva kaye ndondomeko yake: chikho cha kumwera ndiye chatha kale, kenako Lilongwe, kenako basi yopita ku Lusaka, iyeyo pampando wakutsogolo. Olivia anapatsidwa dzina loti Legeni chifukwa choponya ali patali osaphonya. A Blackson anasanduka bambo a Legeni. Tinene zoona, dzinalo ankalikonda. Loweruka ankatseka shedi nthawi ya nkhomaliro, kuvala malaya a ku tchalitchi, nkukakhala pa benchi yakutsogolo manja ali pamaondo.

Masewero achisanu ndi chimodziwo anali ndi timu ya ku Zomba. Atatha, anthu akuvina pakati pa bwalo, a Blackson anapita kukagwedeza mzati kuti aone ngati mabauti akadali olimba. Mtsikana wina wa alendowo, wamtali, thumba lili kale kumsana, anadumpha mongosewera nkumenya ringi ndi chikhatho. Anatera akuseka, nauza mnzake kuti kwawo sanaikhudzepo ringi chibadwire, kaya Chirimba ili ndi mankhwala anji.

A Blackson anaima pomwepo dzanja lili pa mzati. Anakumbukira kuti masabata onsewo mipira ya alendo inkapitirira, kumenya chitsulo cha kumbuyo kwa ringi kapena bolodi, pamene ya Mavu inkangolowa. Kenako anakumbukira tepi.

Tepi yawo yoyezera inadulidwa kunsonga ndi girayinda zaka zambiri zapitazo. Iwo sanaitaye. Anakhomera kambedza pamene panadukapo, pa nambala 10, ndipo kuyambira pamenepo akafuna mita amawerenga 110. Aliyense wa m'mashedi oyandikana amadziwa kuti tepi ya mdala imayambira pa teni. Koma tsiku loimika maringi iwo anali pamwamba pa makwerero, chophimba kumaso chili kunkhope, ndipo amene anagwira tepi pansi anali Fadili, yemwe anasiya chiwaya kudzathandiza. Kochi wa timu, Kingsley, anali atalemba pakapepala kuti msinkhu wa ringi ukhale masentimita 305. Fadili anawerenga 305. Iwo anawotcherera.

Lolemba m'mawa anabwereka tepi yatsopano kwa kalipentala, nanyamula makwerero mpaka ku bwalo. Ringi ya kumbali ya tchalitchi, 295. Anatsika, kukoka makwerero, kukwera mbali inayo. Chimodzimodzi. Anayezanso kachiwiri ngati kuti chitsulo chingasinthe maganizo.

Sabata imeneyo ntchito sinayende. Anadula paipi ya felemu mofupikitsa kawiri. Ankayatsa makina nkuzimitsanso, kutuluka panja, kufika pa mlatho, kubwerera. Aliyense wodutsa ankawakuwira kuti bambo a Legeni, Loweruka tiluma ndani, ndipo iwo ankangokweza dzanja. Chakudya ankachisiya pakati.

Oyamba kuuzidwa anali akazi awo, mayi Gertrude. Mayiwo anamvetsera akusita yunifomu ya Olivia, ndipo anafunsa kuti kodi alendowo amaponya pa ringi ina yapadera. Ayi, ringi ndi yomweyo. Ndiye waberedwa ndani? A Blackson anafotokoza kuti dzanja la munthu limazolowera msinkhu umodzi. Ana a ku Chirimba azolowera ringi yotsika, alendo anazolowera yoyenera. Mayi Gertrude anati zimenezo ndi za anthu a mpira, chimene iwo akudziwa nchoti mwana wawo amadzuka kusanache kukathamanga mpaka ku Chemusa nkubwerera, ndipo thukuta limenelo silinayezedwe ndi tepi ya munthu.

Lachiwiri anakamupeza Kingsley timu isanayambe kukonzekera. Kingsley ndi mphunzitsi wa sekondale, munthu waulemu, ndipo anamva nkhani yonse maso ali pansi. Sanadabwe kwambiri. Anavomera kuti naye zinkamukayikitsa, koma sanafune kufunsa. Anati kwatsala masewero awiri okha ku Chirimba ligi isanasamukire m'tauni, ndipo akuluakulu a ligi akamva angathe kuwalanda mapointi onse.

"Madala, tiloleni tidutse kaye awiriwa. Patchuthi mudzakonze mwakachetechete."

"Mukapita m'tauni, anawo adzaponya pa ringi ya ndani?"

Kingsley anati zimenezo ndi za kochi. A Blackson anati chabwino, koma chitsulo ndi cha wowotcherera, ndipo amene anachiika molakwika ndi iwo.

Nkhani ku Chirimba siigona panjira. Lachitatu Fadili anafika ku shedi epuloni ili m'chiuno, akununkha mafuta. Anayamba ndi nthabwala. Anati masentimita teni nchiyani, madala, si kutalika kwa tchipisi imodzi yokha imeneyo, mwana amaimeza osatafuna. Anati ngati mtima ukuwavuta apite kwa abusa akalape, machimo a maringi amakhululukidwa msanga. A Blackson sanaseke. Pamenepo Fadili anakhala pa chitini cha penti, mawu nkutsika. Anati anthu a kuno chaka chonse amangomva za kukwera kwa mtengo wa chimanga ndi kuzima kwa magetsi. Kamodzi kokha apeza chowanyaditsa, ndiye munthu mmodzi akachizimitse? Ndipo anthu akadziwa kuti anawerenga tepi ndi iyeyo, adzagulitsa tchipisi kwa ndani? A Blackson anamuuza kuti dzina lake silituluka pakamwa pawo, chifukwa tepi ndi yawo ndipo amene anayenera kumuchenjeza ndi iwo.

Wotsala anali Olivia. Anamudikirira pakhonde madzulo akuchokera kokonzekera, nsapato atazikoleka m'khosi. Anali atamva kale. Sanakhale pansi.

"Ndiye zonse ndaponya zija nzabodza, bambo?"

"Waponya ndiwe. Ringi ndi imene ili yabodza, ndipo ndi yanga."

Olivia ananena chimene bambo ake sankachidziwa. Loweruka likubweralo kunkabwera mayi wina wosankha osewera a timu yaikulu ya ku Lilongwe, kudzaona iyeyo. Timu imeneyo imalipirira osewera ake koleji. Anapempha kuti adikire masiku atatu okha. Lamlungu akonze, ngakhale kugwetsa mizati yonse ngati akufuna.

A Blackson anamuyang'ana mwana wawo. Koleji imeneyo iwo sakanaikwanitsa, ndipo onse awiri ankadziwa. Anafuna kuvomera. Koma anaona m'maganizo mayi wa ku Lilongweyo akulemba m'kabuku zinthu zimene si zoona, ndi Olivia atafika kumeneko, mipira ikumenya chitsulo pamaso pa anthu achilendo, kopanda womuuza chifukwa chake. Anati sangathe. Anati amene akudzagula ayenera kuona katundu mmene alili, ndipo umu ndi mmene iwo achitira moyo wawo wonse. Olivia anayankha kuti iye si geti, nalowa m'nyumba.

Kodi analondola? Ena ku Chirimba mpaka lero amati masiku atatu sakanapha munthu. Mayi Gertrude ndi mmodzi wa iwo.

Lachinayi m'mawa anadzera ku sitolo kwa a Abbas, amene anangoti ntchito ndi yanu, ikonzeni, koma dzina langa lisamveke. Magetsi anali atazima, ndiye anabwereka jenereta nkuikankha pa wilibala mpaka ku bwalo. Anadula zogwirira mabolodi, kukweza, kuyeza ndi tepi ya kalipentala, kuwotcherera, kuyezanso. Mabolodiwo ndi olemera, ndipo anawathandiza kunyamula ndi amuna awiri ocheka matabwa amene satsata mpira. Pofika masana ntchito inali itatha. Anatumanso uthenga kwa mlembi wa ligi wofotokoza zonse monga zinachitikira.

Loweruka anthu anadzaza kuposa kale, ena pa mpanda, ena pa denga la kalasi ya Sande sukulu. A Blackson anakhala pa benchi yawo. Mpira woyamba wa Olivia unamenya chitsulo cha kutsogolo nkubwerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu sunafike nkomwe. Esther, kaputeni wa timu, ankawakuwira anzake kuti akweze manja, koma dzanja limene lazolowera miyezi itatu silimva za masiku awiri. Ng'oma za Fadili zinayamba kugunda mwaulesi, kenako zinaleka. Mayi wa ku Lilongwe anakhala mpaka chigawo chachitatu, natseka kabuku kake, nkukakwera galimoto. Mavu anagonja ndi mapointi 23. Potuluka mnyamata wina anakuwa kuti mdala walodza timu yake yomwe, ndipo panalibe womudzudzula.

Papita miyezi iwiri tsopano. A ligi sanagamulebe za mapointi aja. Akuti komiti idzakumana. Mavu anagonja enanso atatu motsatizana, kenako sabata yatha anapambana m'tauni ndi mapointi awiri, pa ringi yoyezedwa bwino. Olivia anaponya isanu ya patali, itatu nkulowa. Fadili wayambiranso kuuza ogula kuti timu yadzuka, chikho chikadali chotheka ngati a ku Zomba apunthwa kawiri, ndipo masamu ake amawalemba ndi chala pa tebulo la mafuta. Akaona a Blackson akudutsa amatembenukira ku chiwaya.

Ntchito ku shedi yachepako, popeza ena akupititsa mageti awo kwa anyamata a kutsidya kwa msewu. Kunyumba Olivia amapereka moni wa m'mawa ndi wa madzulo, basi. Ku Lilongwe sikunabwere foni. Kingsley anawapempha mwaulemu kuti asamafike pa bwalo nthawi yokonzekera, chifukwa atsikana amasokonezeka akawaona.

Ndiye ikakwana folo koloko a Blackson amazimitsa makina, kuyenda mpaka kuseri kwa tchalitchi, nkuima kunja kwa mpanda wa njerwa kumene saoneka. Bwalo saliona. Amangomvetsera. Zaka makumi anayi akugwira zitsulo, khutu lawo limasiyanitsa mpira womenya kutsogolo kwa ringi, womenya kumbuyo, ndi wolowa osakhudza kanthu. Sadziwa kuti waponya ndani. Saima malo amodzi. Amafika pakona ya mpanda, kubwerera, kufikanso. Dzulo anamva yomenya kutsogolo khumi ndi iwiri asanamve yolowa, ndipo anakhalabe pomwepo mpaka wisulo ya Kingsley inalira.