Ulusi wa Rozina

Loweruka lapitali, mnzanga wa ku Korea amene ndimagwira naye ntchito yosamalira okalamba ananditengera ku holo ina mumzinda wa Mississauga, kuno kunja kumene ndikukhala. Kumeneko amayi akwawo ankalumikiza tizidutswa ta nsalu pamanja, monga ankasokera makolo awo, pofuna kuti anthu adziwe za atsikana amene ankatsekeredwa n'kumagwiriridwa ndi asilikali pa nthawi ya nkhondo. Anandipatsa singano kuti ndisoke nawo, koma ulusi unandikanika kulowetsa.

Ndili mwana ku Ntcheu, kwathu kunafika mtsikana wothawa nkhondo ya ku Mozambique, dzina lake Rozina. Tinkagona chipinda chimodzi. Dzuwa likamalowa ankatenga singano ya amayi n'kudzisokerera chitenje m'chiuno, kutsika mpaka m'mawondo, ndi ulusi wakuda wopinda pawiri. M'mawa ndinkadzuka ndi kaphokoso ka lezala akudula ulusiwo.

Ine ndinkangoti kwawoko sadziwa kumanga chitenje. Tsiku lina ndinati, "Achemwali, bwerani ndikuphunzitseni, n'zosavuta." Nditangomugwira m'chiuno anakuwa, n'kukadzipanikiza pakona ataphimba mutu. Amayi analowa akuthamanga, nandikokera panja.

"Usadzamugwirenso," anatero motsitsa mawu. "Ulusi ukamuthera, uzikamugulira pa golosale."

Mu holo muja mnzanga anaona kuti ndikulepherabe kulowetsa ulusi pa singano. "Bweretsa ndikulowetsere," anatero, ndipo ndinamupatsa.

Lero ndapitirira msinkhu umene amayi anali nawo nthawi imeneyo, koma sindikudziwabe chimene tikanamupatsa Rozina choposa ulusi.