Mtedza wa Tsabola pa Filimu ya Mfumu Yokalamba

Mdzukulu wanga amene akundilembera mawuwa amasankha filimu powerenga nyenyezi pafoni. Akuti ikakhala ndi zisanu ndi yabwino, ikakhala ndi ziwiri musataye nthawi. Ndinamufunsa kuti woika nyenyeziyo ankaonera ali kuti, ndipo kumbuyo kwake kunakhala ndani. Anati sakudziwa. Ndiye ndamuuza kuti atenge cholembera.

Nthawi ya chipani chimodzi tinkakhala ku Ndirande, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Amuna anga ankanyamula mabelo pafakitale ina ku Makata. Ine ndinkakazinga mtedza n'kumagulitsa pakhomo la holo imene ankaonetsamo mafilimu Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu masana. M'mazenera ankakhomamo masaka kuti mukhale mdima.

Pakhoma ankamatapo chithunzi cha filimu, ndipo pakona pake pankakhala chilembo chimene ankapereka anthu a boma oyang'ana mafilimu. Sukulu ine sindinapiteko, koma zilembo ziwiri ndinkazidziwa maonekedwe ake. China chinali ngati kapu yopanda chogwirira. Amuna anga anandiuza kuti chimenecho n'cha aliyense, ngakhale mwana wa kumsana. China chinali ngati nkhuni ziwiri zopingasana, ndiye cha akuluakulu okha. Iwo anafika Sitandade 5, ndipo chilembo ankachikhulupirira kuposa mmene ankandikhulupirira ine. Ankati boma likaona chinthu n'kuchidinda, iwe wa mtedza ungawonjezerepo chiyani.

Koma odindawo ankayang'ana zawo: miyendo ya akazi, tsitsi la amuna, ndi milomo. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chinkadumpha, mwaona kwacha kale, mkazi uja akuthira tiyi. Akadula zimenezo, ntchito yawo yatha.

Ine ndinali ndi njira yanga. Ndinkayang'ana otuluka. Ikakhala filimu ya nkhonya yabwino, anyamata ankatuluka akuponya mateche m'mwamba, fumbi mpaka m'beseni mwanga. Ikakhala ya Chimwenye, amayi ankatuluka maso ali psuu, akung'ung'udza nyimbo ya chinenero chimene sachidziwa. Ikakhala yodulidwa kwambiri, anthu ankatuluka akukangana kuti wafa uja wamupha ndani. Ndipo ikakhala yokoma kwenikweni, anthu sankapita msanga. Ankaima pakhomopo, kugula mtedza, kufotokozerana zimene onse aona limodzi. Beseni langa linkandiuza za filimu bwino kuposa chilembo.

Tsopano ndinene za kuseka kwa amuna anga, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Munthu uja akaseka, agalu a mzere wonse ankauwa. Ankamenya ntchafu, kugwetsa chipewa, misozi chuchuchu. Zikanakhala zokhazo bwenzi zili bwino. Koma anali ndi chizolowezi chofanizira. Munthu akaoneka pafilimu, iwo ankanena mokweza kuti ameneyu ndiye kapitawo wathu weniweni, uyu ndiye alamu anga akaledzera. Pakamwa pawo panalibe chitseko.

Lachisanu lina, mvula itayandikira kuyamba, anamata chithunzi chatsopano. Panali nkhalamba yovala chisoti chachifumu, pambali pake mbuzi. Pakona panali kapu ija, ya aliyense. Anthu analowa ambiri. Ndili panja ndinamva holo ikuphulika ndi phwete, kenaka phwetelo linazima msanga, ngati moto wothiridwa madzi. Potuluka, ambiri anali atagwira pakamwa. Mnyamata wina anayamba kuuza mnzake kuti pamene paja mbuzi, mnzakeyo n'kumuponda phazi. Palibe anaima. Ndinabwerera kunyumba ndi theka la beseni.

Loweruka ndinapeza galimoto yotuwa itaima pansi pa bulugamu, dalaivala ali momwemo. Munatuluka amuna atatu a malaya osita bwino, nsapato zopanda fumbi, ndipo ku Ndirande munthu wa nsapato zopanda fumbi sanabwere wapansi. Wa pachitseko anaimirira n'kuwalowetsa osawafunsa tikiti. Mmodzi anabwerera, anatapa mtedza wanga, n'kundifunsa akutafuna ngati anthu anasangalala dzulo. Ndinati ine maso anga amakhala m'beseni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akuuzira makoko m'dzanja, kenaka analowa.

Tsiku limenelo sindinamve kuseka ngakhale kamodzi. Filimu yoseketsa, holo yodzaza, koma zii. Anthu anatuluka ngati akuchokera kumanda, aliyense maso panjira yake.

Panali amayi ena achikulire, Asilamu, amene ankasesa m'holomo. Tinkagawana madzi akumwa. Ndinawapeza pampopi wa kuseri akutsuka tsache, ndipo anasiya madzi akutayika kuti phokoso litiphimbe. Anandifotokozera monong'ona. Akuti m'filimumo muli mfumu ya dziko lakutali, yokalamba kwambiri. Amayi ovala nsalu zofanana akuivinira pabwalo, nduna zikuomba m'manja. Mitambo ikuda. Mvula ikayamba onse akuthawa, koma mfumuyo maso ndi makutu zinatha, ikungopitiriza kulankhula, ikugwedeza ndodo, pabwalo patatsala mbuzi zokha. Ina ikudya pepala la mawu limene mfumu yagwira m'dzanja.

Sanatchule kuti zikufanana ndi ndani. Inenso sindinafunse. Tonse tinali titavinapo pabwalo titavala nsalu zofanana.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osaichotsa. Anakutumula tsache lija, n'kunena kuti:

"Achemwali, akanafuna kuichotsa akanachotsa dzulo. Aisiya dala. Msampha sautchera wopanda nyambo."

Madzulo amuna anga anafika ali ndi nkhani. Anzawo a kufakitale amene anaonera Lachisanu anawauza kuti filimu yoseketsa chotero sinabwereko, koma anakana kufotokoza, anangoti ukaone wekha. Ndiye mawa tikatuluka ku tchalitchi akupita. M'nyumba sindikanatha kulankhula. Khoma linali lopyapyala, ndipo eni nyumba anali ndi udindo m'chipani. Ndinangoti mutu ukundiwawa, ndinati anthu akuti n'yosakoma. Iwo anangoseka.

Lamlungu pochokera ku tchalitchi ndinawakokera njira ya kudambo kumene kulibe nyumba, n'kuwauza zonse: galimoto, nsapato zija, mfumu ndi mbuzi. Anamvetsera. Pofika pa mbuzi milomo yawo inayamba kale kunjenjemera ndi phwete. Kenaka anati:

"Make mwana, filimuyo ili ndi chilembo cha aliyense. Boma lomwe ladinda lingandimange bwanji poseka chimene ladinda lokha?"

Ndinati chilembo chija chinayang'ana miyendo ya akazi, sichinayang'ane pakamwa panu. Anati mantha a akazi ndi amene amachititsa dziko kuoneka loopsa. Anapsa mtima pang'ono, chifukwa munthu wodziwa kuwerenga safuna kuphunzitsidwa chilembo ndi munthu wosadziwa. Ndinaona kuti ndikalimbikira apita okha. Ndiye ndinati chabwino, inenso ndikufuna ndikaone.

Tsiku limenelo sindinatenge beseni. Ana ndinawasiya kwa aneba. Ndinakazinga mtedza pang'ono n'kuugawa pawiri. Gawo lina ndinalisiya wamba. Linalo ndinalinyowetsa ndi madzi a mchere n'kulifumbitsa tsabola wa kambuzi wosinja, wambiri, woti ine posinja ndinayetsemula mpaka misozi. Ndinamanga mfundo ziwiri m'chitenje, wamba kumanja, wa tsabola kumanzere.

Galimoto ija inali pomwepo. Pachitseko tinaonetsa makhadi a chipani monga mwa masiku onse. Filimu isanayambe tinaimirira tonse poimba nyimbo ya fuko, chithunzi cha mwini dziko chili pansalu, chachikulu ngati nyumba. Ndili chiimire ndinayendetsa maso. Amuna atatu aja anali atagawana. Mmodzi kumbuyo, awiri m'mbali, ataima motsamira khoma. Nkhope zawo sizinaloze kunsalu. Zinaloza kwa ife.

Pabenchi ya kutsogolo kwathu panakhala telala wina amene ankasoka pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Ndiye ankasokera ana athu yunifolomu. Anatembenuka n'kutipatsa moni mwansangala. Anati wangotsika basi kuchokera kumudzi ku Mulanje kumene anakakhala sabata, ndiye waona chithunzi cha mbuzi wati alowe apumitse mutu. Ndinadziwa pomwepo kuti palibe wamuuza. Ndinayang'ana mmodzi wa amuna a kukhoma aja, anali pafupi moti ndikanatha kumuwerenga mabatani. Ndinangoti mwawasiya bwanji kumudzi.

Magetsi atazima ndinayamba kuthira mtedza wamba m'dzanja la amuna anga, pang'onopang'ono, kuti azolowere kuponya m'kamwa osayang'ana. Poyamba panali zoseketsa zazing'ono, wantchito kugwa ndi mbale, zotero. Iwo anaseka, holo inasekanso pang'ono, mochenjera. Anandigunda ndi chigongono kuti waona, palibe kanthu. Ine ndinkangodikira nsalu zofanana.

Zinabwera. Amayi anafola pabwalo, ng'oma zinayamba. Mfumu anaikweza pansanja anthu awiri, wina uku wina uku. M'holo monse munati zii, moti ndinkamva kulira kwa makina oonetsera kumbuyo. Mitambo itayamba kuda ndinamasula mfundo ya kumanzere, ndinatapa dzanja lodzaza, n'kuthira m'dzanja lawo. Anaponya wonse m'kamwa.

Mvula inagwa. Amayi anathawa, nduna zinathawa zitafunda mipando kumutu. Mbuzi zinalowa pabwalo. Ndinamva benchi ikugwedezeka, chifuwa cha amuna anga chikufufuma. Anakweza chala kuloza kunsalu, n'kutsegula pakamwa.

"Koma ameneyu ndiye ngati..."

Tsabola anawagwira pomwepo. Mawu anathera pakhosi. Anapinda msana, kutsokomola ngati munthu womira, misozi ndi mamina, dzanja likufunafuna mpweya. Ndinawakanikiza mutu pamaondo n'kumawamenya kumsana.

Pamene mbuzi inaluma pepala, telala uja anaseka. Kuseka kwabwino, kochokera m'mimba, kwa munthu wotopa ndi ulendo. Anaseka yekha m'holo yodzaza. Anapitiriza pang'ono, kenaka anadzimva kuti ali yekha, ndipo kusekako kunaduka pakati. Tochi inayaka kukhoma, inagwa pamutu pake, inazima.

Inayakanso, ulendo uno pa ife. Mwini wake anabwera pakati pa mabenchi. Anali yemwe uja anatapa mtedza wanga. Anafunsa kuti bamboyu chavuta n'chiyani, ndipo amati anene kuti ngati ndani. Ndinati:

"Chifuwa, achimwene. Mwezi wachiwiri uno, nthawi zina amalavula magazi. Kuchipatala akuti tibwerenso."

Amuna anga anatsokomolanso molunjika nsapato zake. Munthu uja anabwerera m'mbuyo, anatseka mphuno ndi mpango, anazimitsa tochi.

Mmene filimu inathera sindikudziwa. Ndinkangoyang'ana khosi la telala patsogolo panga. Silinagwedezeke mpaka magetsi anayaka. M'mfundo ya kumanzere munali mutatsala mtedza wokwana dzanja lina. Phewa lake linali poti ndikanangotambasula mkono. Ndikanati talawani mtedza, bambo. Ndinaganiza zimenezo mitambo isanade, ndipo sindinachite, chifukwa ndinaopa kuti anthu awiri akatsamwa benchi imodzi, wa kukhoma adzafunsa mwini mtedza.

Pachitseko awiri mwa amuna aja anamuyandikira telalayo mwaulemu, n'kumuuza kuti madala, tiyeni tikacheze pang'ono. Sanakane. Anayang'ana kumwamba, kunali kutachita mdima wa mvula ngati m'filimu momwe. Maso ake anagwa pa ine. Anandipempha kuti ndikauze akazi ake aphimbe makina, pakhonde paja pamadontha.

Ndinapita kukawauza. Sanalire. Anatenga thumba la feteleza n'kupita kukaphimba.

Kenaka ine ndi amuna anga tinatenga njira ya kunyumba. Milomo yawo inali itatupa. Titafika anamwa madzi makapu atatu, anakhala pamphasa atatsamira khoma, akuyang'ana chitenje changa. Ndinamasula mfundo ija pamaso pawo, ndipo mtedza wotsalawo ndinakautaya m'chimbudzi. Sanandithokoze, sanandikalipire. Nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anamwalira.

Lachisanu lotsatira chithunzi cha mbuzi chinali chitachotsedwa. Anamata china cha agalu othamanga, ndipo pakona pake panali kapu yomwe ija. Amayi osesa aja anandipatsa moni ngati palibe chinachitika, inenso chimodzimodzi.

Makina anakhala pakhondepo mpaka thumba linayamba kung'ambika ndi dzuwa, kenaka achibale anawalowetsa m'nyumba. Telala anabwera patapita mvula zitatu, ali wowonda, mano ena mulibe. Anayambiranso kusoka. Ndinkamupititsirabe zovala za ana, ndipo ankandilandira bwino, koma munthu akanena choseketsa iye ankayamba wayang'ana kumbuyo. Za mtedza wotsala uja sindinamuuze.

Amuna anga sanasiye kukonda mafilimu. Koma kuyambira pamenepo, Loweruka akabwera kuchokera ku Makata sankapitanso kukhoma kukawerenga chilembo. Ankabwera pabeseni panga, kunjuta ngati akugula, n'kufunsa motsitsa mawu kuti adzulo atuluka bwanji. Ndikati anaima pakhomo n'kugula mtedza, ankalowa. Ndikati anangodutsa, ankadzuka n'kutenga njira ya kunyumba.