Apongozi ankandiitana kudzathira mchere

Ine ndine mayi wolongolola. Kumjigo amanditcha wailesi, ndipo sindikana. Koma pamene panafunika mawu awiri okha ndinatseka pakamwa, ndipo lero apongozi anga ali chigonere, sadzukanso okha. Inu owerenga, ndimvereni, mwina kwanuko wina apulumuka.

Ndinakwatiwa kwa Chamama ndipo ndili pachitengwa, bwalo limodzi ndi amayi a amuna anga. Anali mayi olimba, oti posoka fodya ife atsikana sitinkawapeza. Kusamba adaleka kalekale, mwana wanga woyamba, Tadala, asanabadwe.

Tsiku lina nyengo yothyola fodya, ndili m'chigafa choyanikamo fodyayo, apongozi anandiitana kuti ndikawathirire mchere m'ndiwo. Wokulira kuno aliyense amadziwa tanthauzo lake: mayi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kudula anthu a pakhomo. Ndinathira, uku ndikuseka chamumtima kuti agogo abwerera ku utsikana. M'mawa mwake anandiitananso. Sabata inatha, mwezi unatha, fodya anauma, tinayamba kusankha, ine ndikuthirabe mchere.

Musaganize kuti ndinali mbuli. Kusikelo anamwino ankatiphunzitsa kuti mayi amene adaleka kusamba akayambanso kutaya magazi, athamange akayezetse khomo la chiberekero. Ineyo ndinali nditayezetsa kale. Koma apongozi ungawayambe bwanji? Munthu amene ndimamugwadira popereka madzi, ndikamufunse za kumwezi? Kuuza amuna anga kunandikanika, poti mwana wamwamuna sauzidwa zotere za mayi ake. Mlamu wanga, mwana wawo wamkazi, amakhala kutauni. Ndinkamuimbira foni, n'kumangofunsa za ana mpaka mayunitsi kutha.

Kenako achipatala anabwera ndi galimoto kudzayeza amayi pafupi ndi kwathu. Ndinawauza apongozi mozungulira, kuti amayi ambiri akupita. Anayankha kuti zimenezo n'za ife obereka, komanso fodya sadikira munthu. Ndinangoti chabwino. Kunena zoona mtima unapepuka, ndinadzinamiza kuti mbali yanga ndachita.

Apongozi anadzagwa miyezi yotentha, akuthirira mbande kunazale. Kuchipatala cha paboma anawayeza n'kutitumiza ku Lilongwe, ndipo kumeneko adokotala anati ndi khansa, yafalikira kale. Anafunsa kuti magazi anayamba liti. Apongozi anatembenukira kwa ine. Ndinayankha ndine, mwezi wake ndi sabata yomwe, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe. Amuna anga anangondiyang'ana, ndipo mpaka lero sanandifunsepo. Bola akanandikalipira.

Tinabwerera kumudzi ndi mankhwala ochepetsa ululu. Timapemphera, timaphika phala, timawatembenuza pamphasa. China chochita tilibe. Munthu akumka natha ife tikuona, ndipo zimandiwawa koopsa.

Sabata yathayi ndikuwasambitsa, anandigwira dzanja.

"Amake Tadala, mchere uja akanatha kuthira mdzukulu wanga aliyense. Ndinkaitana inu chifukwa mumapita kusikelo, mumamva za achipatala. Ndinkati mundifunsa."

Kani miyezi yonse ija iwo ankadikira ine, inenso ndikudikira iwo, aliyense akuopa kuchititsa mnzake manyazi. Ndinatuluka ndi beseni kukalirira kuseri kwa chigafa.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, kuyezetsa khomo la chiberekero si kwa obereka okha. Pitani musanamve kupweteka paliponse, ndipo mutenge amayi anu, azakhali anu, apongozi anu. Mayi wamkulu sanena poyera kuti akudwala kumusi. Amangokupatsa kachizindikiro, n'kudikira. Ukakaona, gwada monga mwa mwambo, koma funsa. Ngati pakamwa pakulemera, tuma mayi mnzawo wa kutchalitchi akawafunse tsiku lomwelo. Akakukalipira kuti ndiwe wamwano, landira, mkwiyo umatha.

Ine ndinasankha ulemu. Lero nsalu zawo zamagazi ndimachapa ndine m'mawa uliwonse, thupi lawo lonse ndimalisambitsa ndine, palibenso chobisika pakati pathu. Zimene ndinkaopa kuzitchula ndi pakamwa ndikuzigwira ndi manja, koma tsopano sizingawapulumutse.