Ndolo za Makutu Osaboola

Ndakhala benchi yoyandikana ndi Nasilele zaka khumi ndi chimodzi pamsika wa alendo m'tauni ya Livingstone, ine Tionenji ndi zikwama zanga za chitenje, iye ndi ndolo zake. Mkazi ameneyu mukamupatsa moni, maso ake amadutsa pambali pa tsaya lanu ngati kumbuyo kwanu kuli wina wofunika kuposa inu. Poyamba zinkandinyansa, ndinkati ndi matama a anthu obadwira m'tauni. Kenako tsiku lina anandiuza kuti bowo la khutu langa lamanzere lili m'munsi pang'ono kuposa lakumanja, ndiye kuti wondiboolayo anali pa changu. Amene anandiboola anali azakhali anga, ndipo changu anali nachodi.

Anabadwira ku Dambwa North, m'kanyumba komwe akukhalabe mpaka lero. Bambo ake ankagwira ntchito kunjanji, mayi ake anali Mlozi wogulitsa nsomba zouma. Sukulu analekezera giredi naini. Anayesa kuluka tsitsi, anayesa kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, anachapako mbale pa loji ina ya m'mbali mwa mtsinje mpaka manja anasuwa. Za ndolo zinayamba mwangozi. Chikwama chake chachikopa chitang'ambika anachita nacho chisoni kuchitaya, ndiye anadulapo tizidutswa tiwiri, n'kutidontheza penti wotsala popaka chitseko, n'kutikoleka kumakutu. Asanafike pamsika mzungu wina anali atamuimitsa kale kufunsa mtengo.

Zikopa amakatola kwa a Fanwell, amene amakuta mipando ya magalimoto ku Maramba. Zotsalira zomwe iwo akanasesa, iye amaziwaza madzi n'kuzipsinja ndi njerwa masiku awiri kuti ziwongoke. Podula amaphatikiza zidutswa ziwiri moyang'anana, kuti ndolo yakumanja ndi yakumanzere zituluke ngati mapasa. Burashi alibe nayo ntchito. Amasongola kamtengo ka machesi, n'kumaviika m'penti wothira m'zitsekerero za mabotolo, dontho limodzilimodzi, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Zikauma amapaka vanishi, amaboola ndi msomali, kenako mikanda itatu kapena isanu pakawaya, osati inayi, akuti inayi imaoneka ngati munthu wasowa chonena. Mwezi wa Okutobala penti amauma pakamtengo asanafike pachikopa, ndipo mudzamumva akutukwana dzuwa m'zinenero zitatu.

Ndolo zake zapita kutali kuposa ife tonse pamsika pano. Alendo amazivalira pomwepo, kumwetulira pagalasi, n'kukwera nazo ndege. Koma pali makutu awiri okha m'tauni muno amene Nasilele wakhala akuwafuna moyo wake wonse, ndipo ndi a mwana wake, Miyoba.

Bambo a Miyoba anali Webster, Mtonga woyendetsa takisi, wa kubanja la a Sabata. Iye mwini kutchalitchi ankapitako pakagwa maliro basi. Mwana atabadwa, Nasilele anakonzeratu singano ndi ulusi kuti amuboole makutu akadali wakhanda, monga timachitira ambirife. Apongozi ake aakazi atamva anangoti thupi la mwana si chikopa cha mbuzi choti munthu aziboola. Webster anati adikire kaye, mayi akewo azolowere. Anadikiradi. Mwana ali ndi zaka zitatu Webster anadwala, n'kumwalira.

Nthawi imeneyo Nasilele analibe benchi, analibe ntchito, ndipo mayi ake omwe anali chigonere. Mlongo wake wa Webster, a Mwaanga, mphunzitsi wokhala ku Nottie Broadie, anabwera mwaulemu n'kupempha kuti amtenge mwanayo akamuphunzitse. Panalibe ndewu, panalibe kulanda. Nasilele anamusambitsa yekha mwanayo, n'kumuperekeza mpaka pageti. Izi ndi zimene zimandipsetsa mtima ine, chifukwa nkhani yonseyi ilibe munthu woti n'kumuda. A Mwaanga anamulera bwino, anamuphunzitsa, sanamuletsepo mayi ake kubwera. Koma mwana wa zaka zitatu amatola zimene akumva m'nyumba. Anamva azakhali ake akuti "ba Nasilele," nayenso anayamba kuti "ba Nasilele," ndipo zinakhazikika choncho. Anthu a ku Nottie Broadie akamati "bina Miyoba," kutanthauza mayi wa Miyoba, amene amacheuka ndi a Mwaanga.

Nasilele ankapitako Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, atanyamula mabanzi kapena nthochi. Ankakhala pasofa ngati mlendo, kufunsa za sukulu, kumwa tiyi, dzuwa likapendeka n'kumabwerera kumchenga wa ku Dambwa. Lolemba lake sankayankhula kwambiri. Ine ndinkadziwa kuti tsiku limenelo si lomubwereka sizasi.

Chaka chatha Miyoba anakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Ndola. Nasilele anauza msika wonse, ngakhale anyamata osema mvuu amene sanamufunse. Koma chimwemwecho chinali ndi kulemera kwake. Nottie Broadie ndi pafupi, munthu umayenda wapansi. Ndola ndi tsiku lathunthu pabasi.

Masiku omwewo kunabwera gogo wina wachizungu pabenchi pake, n'kumagwiragwira ndolo koma osagula. Nasilele anaona kuti gogoyo wavala ndolo ndithu, koma makutu ake ndi osaboola. Anamupempha kuti avule imodzi aione. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kongopana khutu, kotseguka ndi kutseka ngati kamsampha. Gogoyo atapita, Nasilele anandigwira mkono mpaka ndinamva kuwawa.

"Tionenji, waona? Kansi kuli masikiyo yamene siyafuna kubowola!" Kuno ndolo timati masikiyo, agogo timati ba mbuya. "Ba mbuya bake benze kukana kubowola chabe. Manje ngati sinibowola, nkhani yasila!"

Ndipo ine, chitsiru chachiwiri, ndinamuwombera m'manja. Ndinakulira ku Katolika, za a Sabata ndinkangodziwa kuti Loweruka sagulitsa ndipo nkhumba sadya. Tonse awiri tinaona ngati tatulukira chimene chinasowa anthu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Tizitsulo topana tija m'tauni muno tinalibe. Anatuma mayi wina amene amaoloka mlatho kukagula katundu tsidya lija, ndipo panatha masabata atatu asanatipeze. Podikira, Nasilele anasankha kachikopa kofewa kwambiri m'thumba lake lonse, kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anadula timasamba tiwiri tating'ono. Anadontheza madontho oyera m'mphepete, pakati n'kusiya mbee, akuti mwana wa m'nyumba ya mapemphero safuna zophokosera. Mikanda anaika itatu, yabuluu. Anapanga kanayi konse. Zoyamba anati madontho athithikana, zachiwiri vanishi anagwira fumbi, zachitatu sindinaone vuto lililonse koma anazitaya m'kabokosi ka zogulitsa. Alendo ankabwera n'kupita iye mutu uli pansi, ine n'kumamugulitsira.

Miyoba ankanyamuka Lolemba. Lachisanu masana Nasilele anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinafika cha m'ma folo, tinapeza nyumba ili pakalapakala kukonzekera Sabata: wina akusita, wina akukolopa, mapoto a chakudya cha mawa ali pamoto. A Mwaanga anatilandira ndi manja awiri, natipatsa chibwantu, thobwa lakuno, chozizira m'makapu agalasi. Miyoba anatuluka kuchipinda, mtsikana wamtali, tsitsi lomangidwa kumbuyo, nagwada kutipatsa moni.

Nasilele anatulutsa kabokosi ka machesi komwe anakakuta ndi nsalu. Anakapereka kwa Miyoba.

"Miyoba, nakupangilako ka kanthu ka pa ulendo. Siyafuna kubowola, wamvela? Ni yopana chabe. Ona, utsegula so, waika, watseka. Kulibe na magazi."

Miyoba anatsegula. Anaziyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anayang'ana azakhali ake. A Mwaanga anaika kapu pansi.

"Mulamu, ni yabwino maningi, manja yanu ni yodalisika," anatero mofatsa. "Koma nkhani si kubowola iyayi. Ise sitivala chabe. Olo ya mukhosi, olo ya kukwanja. Onani, na ine wamene nakhala mu chikwati zaka twente, nilibe na mphete."

Anatambasula zala zawo kutionetsa. Zinalidi zopanda kanthu.

Nasilele anaseka. Kuseka kumeneko sindikufuna kudzakumvanso. "Ah, kansi! Ine nenze kuganiza ati ni bowo chabe. Zaka zonse izi, mwandi." Miyoba anatseka kabokosi kaja bwinobwino, anagwadanso, n'kukabweza ndi manja awiri.

"Zikomo maningi, ba Nasilele. Pepani."

Ulemu umenewo ndi umene unandilasa. Akanakhala mwana wamwano bwenzi nditapeza pomugwira.

Pobwerera ndinalalata njira yonse, za malamulo, za anthu osadziwa kulandira mphatso, za Webster wodikiritsa mnzake mpaka kufa. Nasilele anangoti, "Leka, Tionenji. Bamulela bwino mwana." Tinayenda mpaka pomwe phula limathera. Kenako anati, "Ine sinenze kufuna ati azivala masiku yonse. Nenze kufuna kuona chabe. Kamozi chabe, nione vamene ionekela pali eve."

Loweruka, tsiku limene alendo amachuluka, benchi yake inakhala yokutidwa ndi pulasitiki. M'zaka zonse zimene ndamudziwa sanajombepo Loweruka, ngakhale nthawi ya mliri ija pomwe tinkangokhala kuyang'anana popanda mlendo ndi mmodzi yemwe. Ndinadikira dzuwa lilowe kuti Sabata yawo ithe, ndinapempha nambala ya Miyoba kwa mwana wa mnzanga amene ankaphunzira naye, n'kumuimbira. Ndinamuuza mawu a mayi ake monga momwe anawanenera, osawonjezera, ngakhale pakamwa pankandiyabwa. Anangoti, "Namvela, ba anti." Nasilele mpaka lero amati ndinalowerera za eni. Ndinalowereradi, ndipo sindipepesa.

Lamlungu Nasilele anabwera, maso otupa, n'kuyala katundu wake. Cha m'ma thili ndinaona Miyoba akubwera yekha pakati pa mabenchi, akuzemba anyamata omuitanira ng'oma ndi zosema. Anali asanapondepo pamsika pano chibadwire. Anaima patsogolo pa thabwa lokolekapo ndolo, mizere ndi mizere, zofiira, zachikasu, zamadontho ngati nkhanga.

"Vonse ivi ni imwe mupanga?"

"Ni ine," anatero Nasilele, ataimirira ngati wabwera ndi wa khonsolo.

"Na manja chabe?"

"Na ka machisa."

Miyoba anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inabwerera m'malo. "Nifuna mumvele bwino. Sinizavala, na kutenga sinizatenga. Si ba anti ba Mwaanga banilesa iyayi. Ninabatizika neka, nine ninasankha."

"Niziba, mwana wanga. Kulibe mulandu."

"Yali kuti yaja?"

Nasilele anapisa m'thumba la epuloni. Kabokosi kaja kanali momwemo. Miyoba anatulutsa ndolo imodzi, anaigwira ndi nsonga za zala kukachitsulo kaja osakatsegula. Ine ndinathamangira galasi, poti ndi zimene timachita kasitomala akagwira ndolo, koma anapukusa mutu. Anakankhira tsitsi kumbuyo, anatembenuzira tsaya kwa mayi ake, n'kuimika ndoloyo m'munsi mwa khutu, pafupi kwambiri koma osakhudza.

"Onani."

Nasilele anaona. Mikanda itatu ija inkagwedera pang'ono. Panabwera azungu awiri kudzafunsa mtengo wa ndolo za nkhanga, ine ndinawauza kuti shopu yatsekedwa, apite akaone mathithi.

"Kwezako pang'ono," anatero Nasilele. "Apo. Apo pamene." Anapendeketsa mutu monga amachitira akamayesa ntchito yake, ndipo misozi inkangotsika osaipukuta. "Nachepesa. Nenze kupimila khutu ya kamwana. Wakula, iwe."

"Nichose manje?"

"Gwilako pang'ono chabe."

Miyoba anagwirabe. Mkono utatopa anasinthira dzanja lina, ndipo mayi ake sananene kuti basi.